Mmene Yusufu anawolokera mlatho ali m'jeneza

Tazimitsani kaye tinyimbo ta m'mafoni mwanuto, ana inu. Iwe Rashidi, ndakuona, botolo ukubisa m'chikwamalo si la thobwa ayi. Usandiyese wakhungu poti ulusi ndimalowetsa pa singano mochita kufufuza. Mphunoyi ikadali yanga. Ndamva kuti mawa pa Khisimisi mwapangana ndi anzanu a kukoleji zokasonkhana kumchenga ku Nkopola. Sindikuletsani, ndine yani ine? Koma khalani pansi pang'ono, poti ineyo kukhala kukundikanika. Mwandiona ndikungozungulira pabwalo pano chiyambire m'mawa ngati nkhuku yofuna poikira. Nyengo ino ikafika ndimatero, agogo anu aakazi anachita kutopa nako kundifunsa.

China chimene chandiyabwa n'chakuti dzulo ndinakumvani mukuseka mng'ono wanga Che Yusufu, agogo anu aang'ono. Ati, "Che Maliro adutsa, kwafa ndani?" Iwe Asiyatu ndiwe unayambitsa, usaweramitse mutu. Zoonadi, munthu uja akangomva kuti kwinakwake kwagwa zovuta amasiya tiyi ali pakamwa n'kuthamangira kukapempha phewa pa jeneza, chonyamulira maliro chathu chija, ngakhale womwalirayo sakumudziwa n'komwe. Mumaseka poti simudziwa. Lero mudziwa.

Kwathu ndi ku Lungwena, mumakudziwa, kumene mumakana kupita ati kulibe magetsi. Bambo athu anapita ndi mwera panyanja Yusufu akuyamwa. Amayi, Abiti Saizi, anatilera ndi utaka wowamba ndi chinangwa, basi. Ine nditatha msinkhu ndinabwera kuno kuboma wapansi, nsapato zili m'manja kuopa kuti zingathe, ndipo ndinaphunzira utelala pakhonde la sitolo. Makina ake anali opalasa ndi mapazi, ukamasoka mpaka msana kuchita kutentha. Masiku amenewo munthu akafuna malaya ankabwera ndi nsalu, n'kumuyeza, n'kudikira. Si zanu za kaunjika izi, zovala malaya a munthu wosamudziwa, mwina anafera momwemo.

Yusufu anali ndi mutu, ndisaname. Amayi atamulowetsa sukulu ya amishoni anthu anawanena mpaka makutu kuwawa, ati mwanayo akakudyetserani nkhumba, akakusinthirani dzina. Iwo ankangoyankha kuti, "Nyanja yandidyera mwamuna, sindiipatsanso mwana." Tsiku limene dzina lake linatuluka pa wailesi kuti wasankhidwa kupita kusukulu yaukachenjede ku Zomba, amayi anavina kuchokera pakhomo mpaka kugombe, mpango utagwa osautola. Ine ndinamusokera suti yakuda: jekete, thalauza ndi kawesikoti kam'kati. Sindinasokenso suti ngati imene ija. Atavala, ndinachita kumupatsa mpando.

Tsono mumvetse dziko linalili, poti inu mumatukwana atsogoleri pa foni mukudya chipisi. Nthawi imeneyo chipani chinali chimodzi, mwini dziko mmodzi, ndipo chithunzi chake chinkapachikidwa m'sitolo iliyonse, pamwamba pake osaikapo kanthu, ngakhale wotchi. Wopanda khadi la chipani mumsika sankalowa. Mwamuna wa tsitsi lalitali ankamumeta pamsewu pomwepo. Iwe Asiyatu ndi kathalauza kakoko ukanagona kupolisi. Ndiye panali anyamata a chipani a malaya ofiira, amenewo anali oopsa kuposa apolisi, poti wapolisi amafunsako kaye dzina. Munthu akanyoza mwini dziko ankamutenga, ndipo abale ake sankafunsa kuti mwapita naye kuti. Kungoseka pamalo olakwika kunali kokwanira.

Chaka chake chachiwiri kusukulu kuja, Yusufu anabwera pa tchuthi cha Khisimisi n'kutsikira kwa ine. Amayi anali atatumiza uthenga kuti tambala amusungira, mpunga apuntha kale, afulumire. Iye tsiku lililonse, "Ndipita mawa, achimwene." Anali atapeza anzake a kusukulu, ana a makalaliki ndi aphunzitsi a paboma pano, Chizungu chili pamphuno. Ndinkadziwa kuti wayamba kumwa. Ankabwera akutafuna masamba a gwafa, kuganiza kuti ine ndi mwana. Ndinamukalipira kamodzi, anandiseka, ati achimwene dziko likuyenda. Ndikanamumenya, koma khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo ameneyu anali khoswe wa amayi.

Tsiku la Khisimisi kunacha kotentha, mitambo ili bii koma mvula osagwa. Ife Asilamu tsikulo silitikhudza, ndinali pamakina kumalizitsa madiresi a ana a anthu ochedwa kubweretsa nsalu. Magumbagumba anali kulira m'mabala monse. Ana asukulu aja anayambira ku uchema m'mawa, n'kupita ku kachasu, n'kudzathera ku wa m'mabotolo. Dzuwa litapendeka analowa mumsewu waukulu ali chigulu. Ankaimitsa anthu a panjinga kuti atsike awavinire kaye. Anagubuduza madengu a mango a amayi ogulitsa m'mbali mwa msewu, mabotolo akuswa pa phula, galimoto osadutsa. Mpaka pamenepo inali nkhani ya makofi awiri ndi kugona m'chitokosi, kukacha n'kutuluka.

Kenako ndinamva m'manja mukuwombedwa, nthungululu zonamizira. Nditadzutsa mutu, kalanga ine! Akubwera akumukankha pa wilibala, ataimirira, mng'ono wanga. Wavala suti yanga yakuda ija, chipewa chakuda kumutu, magalasi akuda kumaso, m'manja muli tsache akuligwedeza uku ndi uku ngati litchowa. Anzake akuvina mozungulira wilibalayo atamanga majekete m'chiuno ngati amayi a chipani. Panalibe wofunsa kuti akuyerekeza ndani, ngakhale mwana woyamwa akanadziwa.

Anthu anaseka kamodzi kokha, kuseka kochita kupulumuka pakamwa. Kenako zii. Amayi ogulitsa aja anatola madengu awo, zitseko za masitolo zinayamba kutsekedwa, aliyense akuyang'ana kumbali kuti mawa adzanene kuti sanaone. Ine ndinaleka kupalasa makina.

Mawezulo analira kuchokera mbali ya kupolisi. Apolisi ndi zibonga, a malaya ofiira ndi mitengo, osasankha woledzera ndi wodutsa. Munthu wina wogulitsa makala anathyoledwa mkono asakudziwa n'komwe chimene chachitika. Wokankha wilibala anaitaya n'kuthawa, Yusufu anagwera m'ngalande. Mmene fumbi ndi anthu zinasokonezekera, ndinamugwira kolala n'kumukokera kuseri kwa masitolo, kudutsa m'timipata mpaka kumpanda wa mzikiti wathu. Magazi akutuluka pachipumi, iye akuseka.

"Achimwene, ndafanana nawo eti?"

Ndinamumenya khofi limodzi, lokhalo pa moyo wanga wonse. Sanalimve n'komwe. Anangoti khwefu pansi, n'kuyamba kuliza mkonono.

Ndinamuvula suti ija n'kuiponya m'chimbudzi. Koma mawu anali atafika kale kuti anzake awiri agwidwa, ndipo ndinkadziwa kuti munthu akamamenyedwa dzina la mnzake silichedwa kutuluka. Akangomupeza, amayi sadzamuonanso. Njira inali imodzi, kumuwolotsa Shire kupita kwathu, kenako kumapiri mpaka kutsidya kwa malire. Pamlatho anali atatchinga ndi migolo, akuvula aliyense chipewa. Kumadooko a malaya ofiira anali atakhalira mabwato. Ndipo munthu wake woti n'kuimirira sangathe.

Ndikuzungulirazungulira m'mpandamo monga ndikuchitira leromu, maso anagwera pa jeneza lili pakhonde la mzikiti, chivundikiro chake chili pambali, nsalu yobiriwira itapindidwa pamwamba. Ndinapita kwa mwazini wathu woitanira mapemphero, Che Bwanali, nkhalamba yosaseka. Anandimvetsera mpaka kumapeto.

"Astaghafirullah! Chidakwa m'jeneza? Mukufuna kuseweretsa imfa, inu?"

"Che Bwanali, akamugwira ngakhale mtembo wake sitidzausambitsa."

Anayang'ana Yusufu ali gone m'fumbi. Kenako anatola birika lake la madzi osambira asanapemphere.

"Ine ndikukatawaza. Jenezalo silikhala ndi loko. Koma ndikuuzeni, wolowa m'menemo sabwerera kunyumba kwawo."

Ndinaitana anzanga a pakhonde, atelala ndi ogulitsa nsomba amene ndinkawadziwa mitima. Palibe anakana, ngakhale aliyense anali ndi ana. Tinamukulunga m'nsalu yoyera ya m'sitolo, kumuthira mafuta onunkhira botolo lonse, kumufukiza ubani mpaka ife kutsokomola. Tinamugoneka cham'mbali, kuvundikira, kufunditsa nsalu yobiriwira, n'kukweza pamapewa. Mwayi wathu unali wakuti ife timaika maliro tsiku lomwelo ndipo timayenda mofulumira, tsono jeneza lothamanga masana silidabwitsa munthu. Mwayi wina, ife a sikiri timanyamula maliro tikutchula dzina la Mulungu mokweza. Tsiku limenelo tinakweza kuposa masiku onse, kuti mkonono usamveke.

Koma mwambo wathu mumaudziwa. Jeneza likamadutsa, mwamuna aliyense wokumana nalo amaikapo phewa, kuyenda nalo pang'ono, n'kusiyira mnzake. Sungamukanize munthu, ndi sawabu zake, mphoto yake kwa Mulungu. M'tauni sitinavutike, poti zibonga zinali zitasesa msewu wonse, tinkangosinthana tokhatokha. Pamlatho ndiye panali anthu.

Woyang'anira pamenepo anali Sajeni Chimbalanga, Mngoni wa ku Ntcheu, mkulu wa mpingo kutchalitchi kwawo, wa dzanja lolemera moti akuba ankakodza akangomva nsapato zake. Ndinkamudziwa poti mayunifolomu ake ndinkamubwezera ndine, mimba ikakula. Anakhalitsa kuno mpaka anatengera mwambo wathu, akakumana ndi jeneza ankavula chipewa n'kunyamulako. Pambali pake panali mtsogoleri wa a malaya ofiira, mnyamata wa Chisilamu, maso ali psu.

"Maliro a ndani?" anafunsa mnyamatayo.

"Mlendo wa ku Namwera, wafera kuchipatala," ndinayankha.

Anakunga manja a malaya ake. "Tinyamuleko."

Ana inu, ndinaona imfa pamenepo. Iye anali kubwera molunjika kumutu, kudzanja lamanja, kumene kunali kamwa la Yusufu. Koma Sajeni anali pafupi, ndiye anayamba ndi iye kulowetsa phewa, chipewa chili m'khwapa. Ine ndinali mbali inayo, nkhope zathu zikuonana pansi pa jeneza. Tinayenda mapazi owerengeka. Ndiye m'kati muja munamveka, pansipansi koma momveka bwino: khrrr.

Sajeni sanaime. Anangotembenuza diso limodzi n'kundiyang'ana. Ndinaona mphuno yake ikufufuma, kachasu atapyola ubani ndi mafuta onse aja. Mnyamata wa malaya ofiira anali kale kumbuyo kwake, dzanja lili paphewa la Sajeni, kudikira kuti amusiyire.

"Iwe, bwerera pamigolo!" anakuwa Sajeni. "Takutuma kusaka wamoyo kapena wakufa? Akakudutsa wa suti uja udzayankha ndiwe!" Kenako kwa ife, "Kwezani mawu, amuna inu! Mukuimba ngati simunadye bwanji?"

Tinakweza mpaka kukhosi kuwawa. Mlatho uja mumauwoloka pa kabaza mukuseka, koma tsiku limenelo unatalika ngati ulendo wa ku Makanjira. Amuna ena amene anali kudikira kusechedwa anatitsatira kufuna phewa. Sajeni malo a kumutu aja sanasiyire munthu. Anthu anayamba kung'ung'udza kumbuyo, ati Mkhristuyu mwambo sakuudziwa, akuumira anzake sawabu, jeneza sakakamira chonchi. Iye ngati sakumva. Tili pakati pa mlatho Yusufu anasanza, ndipo ndinaona zikudontha kupyola m'matabwa, kutsikira paphewa la yunifolomu, kulowa m'kolala. Munthu uja sanagwedeze ngakhale khosi.

Titatsika kutsidya anabweza anthu otsatira aja, ati abwerere akasechedwe. Ndiye anapereka phewa kwa mnzathu wina, n'kuvala chipewa, n'kundiyandikira ngati akupepesa maliro.

"A Telala, malemuwa adya Khisimisi yambiri. Mukawaike kutali. Asadzadzukenso m'dziko muno, mwamva? Akadzuka, tonse tapita."

Tinamutsitsira m'munda wa chimanga, kumuthira madzi a m'chithaphwi mpaka anatsegula maso. Atadziona ali m'nsalu yoyera, jeneza lili pambali, mowa wonse unathera pomwepo. Analira ngati mwana. Anzanga anabwerera nalo jeneza mochedwa, ngati ochokera kumanda, ine ndinabwereka njinga n'kumukweza pakaliyala mpaka ku Lungwena. Mvula ija inatipeza m'njira, matope mpaka m'maondo.

Amayi anatuluka akuseka, ati mwana wanga wafika, gwirani tambala uja. Atamuyandikira anaima. Fungo la ubani ndi mafuta a maliro analidziwa, la kachasu analidziwanso. Ndinawafotokozera zonse tili chiimire. Sanakuwe, sanamutukwane, ndipo ine ndikanakonda akanatukwana. Tambala anaphedwa ndithu. Anakhala pamphasa akumuyang'ana mwana wawo akudya, iwo osakhudza. M'mawa mwake anamumangira utaka ndi chinangwa pakansalu, n'kumupereka kwa anthu ogula nsomba opita kumapiri.

"Ndinakukaniza nyanja," anatero, "wakamira pamtunda."

Apolisi ena, osavala yunifolomu, anabwera kwa ine ndithu. Anandisunga masiku angapo, dzino ili mukuliona palibeli linatsala kumeneko. Ndinkangonena kuti anathawa, sindidziwa kumene analowera. Anzake awiri aja, mmodzi anatuluka patapita zaka, akuyankhula yekha mumsewu. Winayo mpaka lero.

Amayi anayamba kufota. Patapita nthawi anasamukira kuno kwa ine, ati kumudzi kwatalikira madokotala, koma bodza, ankafuna kukhala pafupi ndi depoti. Basi iliyonse ikalira ankatuluka ndi ndodo yawo kukaona otsika. Nyengo ya Khisimisi ankagula tambala n'kumumangirira pamtengo wa mango uwo, ati mwina chaka chino. Za Yusufu tinkamva mphekesera chabe, ena ati ali ku Mozambiki, nkhondo itavuta kumeneko ena ati anamuona ku Tanzania akunyamula matumba padoko. Munthu wa mutu ngati uja! Ndikaganiza zimenezi mtima umandiwawa mpaka lero, ndipo ndimakwiya, sindidziwa kuti ndikwiyire mowa, kapena dziko limene linkapha munthu chifukwa cha tsache.

Amayi anamwalira chipani chija chisanagwe. Anawasambitsa pakhomo pano, ndipo jeneza linabwera lomwe lija, Che Bwanali akulitsogolera ali wokalambiratu. Anangondiyang'ana. Potuluka pakhomo, kutsogolo kumayamba ana aamuna a malemu. Ine ndinagwira kumanzere. Kumanja, malo a Yusufu, anthu anazengereza kaye, aliyense akuyang'ana mnzake. Ndiye ndinaona munthu wa imvi akudutsa pakati pa anthu, jekete lakutha, chipewa m'khwapa. Sajeni Chimbalanga, atapuma kale ntchito. Analowetsa phewa osapempha.

Kuchokera pano mpaka kumanda sanasiyire munthu. Nthawi imeneyi panalibe wong'ung'udza, poti anzanga a pakhonde aja ankawakankhira anthu kumbuyo mwakachetechete. Titatsitsa, anapukuta thukuta, n'kundikokera pambali.

"A Telala, ndatchera khutu njira yonse," anatero. "Ndimati mwina mwandipusitsanso."

Pamenepo m'pamene ndinalira, pamaso pa amuna onse.

Yusufu anabwera zinthu zitasintha, mutu uli mbuu, kachikwama kamodzi m'manja. Anatsika pa depoti pomwe paja amayi ankaima. Ndinapita naye kumanda n'kumusonyeza mulu wa dothi, udzu utamera kale. Anakhala pansi nthawi yaitali. Funso lake linali limodzi lokha.

"Achimwene, mbali yanga ananyamula ndani?"

Ndinamuuza. Kuyambira tsiku limenelo, jeneza silidutsa iye ali pansi. Wanyamula amayi a anthu ambiri m'tauni muno, koma amene akuwafunawo sadzawanyamula. Ndiye mawa mukamuona akuthamanga ndi kofiya wake m'manja, mum'patse njira, pakamwa mutseke.

Ku Nkopolako pitani, ndanena kale kuti sindikuletsani. Masiku ano mutha kuyerekeza aliyense, palibe adzakutengeni. Koma apolisi zibonga akadali nazo, nyanja ikadali yomwe ija inadya bambo anga, ndipo amayi anu adzakhala ali pakhomo apa akuyang'ana kumsewu. Iwe Rashidi, tandiyang'ana. Mubwere ndi miyendo yanu nonse. Sajeni anamwalira kalekale, ndipo ine phewali linatha.